Mbiri ya Chembe Isanafike Ilala

Mabuku a mbiri amene ambirife tinawerenga kusukulu amayamba nkhani ya Chembe m'chaka cha 1875. Amati m'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho, sitima yapamadzi yotchedwa Ilala inakocheza pagombe la mudziwu itanyamula amishoni a ku Scotland motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pawo panali Dotolo Robert Laws. Mabuku ena amabwerera m'mbuyo pang'ono kufika 1861, pamene David Livingstone anapatsa malowa dzina loti Cape Maclear polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Kenaka amatiuza za malungo, za manda a amishoni amene ali patsinde pa phiri mpaka lero, ndi za kusamukira ku Bandawe mu 1881. Nkhani imathera pomwepo, ngati kuti amishoni atapasula misasa yawo nayenso Chembe anapasuka.

Sindikutsutsa kuti zimenezi zinachitika, komanso sindikuchepetsa anthu amene anasiya mafupa awo pamalopa. Koma mlendo ndi mame. Kuyamba mbiri ya malo ndi tsiku limene mlendo anafika kuli ngati kuyamba mbiri ya munthu ndi tsiku limene anajambulitsa chithunzi cha pachiphaso. Ilala isanabwere, asodzi analipo kale. Asodzi asanabwere, nyanja inalipo. Ndipo nyanjayo, imene timaiona ngati chiyambi cha zonse, ndi khanda poyerekeza ndi miyala imene yaizinga. Ine ndasankha kuyamba ndi miyalayo, pakuti ndiyo mboni yakale kwambiri pa Chembe, ndipo zimene imanena n'zodabwitsa kuposa nthano zonse zimene ndinamvapo: imati pamene pali mudzi lero panali pansi pa mapiri aatali, mapiri amene anabadwa maiko awiri atagundana.

Kuti timve bwino mawu amenewa, tiyambe taganiza za mphika wadothi umene wasweka koma sunamwazike. Mapale ake akadali pamodzi, ming'alu yokha ndiyo ikuoneka. Chikhungwa cha dziko lathu lapansi chili chomwecho: si chinthu chimodzi chathunthu, koma mapale akuluakulu angapo ndi ang'onoang'ono ambiri, ndipo pamwamba pa mapalewo ndi pamene pakhala maiko ndi nyanja zamchere. Pansi pawo pali miyala yotentha kwambiri, yosasungunuka kwenikweni, koma yofewa moti pa zaka zochuluka imatha kuyenda pang'onopang'ono ngati nsima yolimba imene ikuvundulidwa ndi mthiko. Motero mapale aja sakhala chete. Amayenda masentimita ochepa pa chaka. Kwina amatalikirana, kwina amakhulana m'mbali, ndipo kwina amakumana maso ndi maso. Nkhani yanga ili pa kukumanako.

Phale lonyamula pansi pa nyanja yamchere ndi lopyapyala, chikhungwa chake ndi makilomita pafupifupi 7, koma miyala yake ndi yolemera. Phale lonyamula mtunda ndi lochindikala, makilomita 35 kapena 40, koma miyala yake ndi yopepukirapo. Awiriwa akakumana, lolemera lija limagonja: limapinda n'kulowa pansi pa linzake, n'kumamira kunka kumoto. Pamene likupindira pamakumbika ngalande yakuya pansi pa nyanja. Likamatsika limatenga madzi amene analowerera m'miyala yake, ndipo likafika pakuya makilomita pafupifupi 100, madziwo amafinyika n'kukwera m'miyala yotentha ya pamwamba pake. Madzi amachititsa kuti mwala usungunuke msanga, choncho chiphalaphala chimapangika n'kuyamba kufunafuna njira yotulukira. Ndicho chifukwa chake m'mphepete mwa malo otere mumandanda mapiri ophulika moto. Mapiri a Andes ku South America anapangika motero, ndipo phale la Nazca likulowabe pansi pa dzikolo. Mapale awiri a pansi pa nyanja akakumana, lakale ndi lozizira ndilo limamira. Ngalande ya Mariana m'nyanja ya Pacific, yakuya pafupifupi mamita 11,000, ndi ya mtundu umenewu. Phiri lathu la Mulanje, ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, mutalisanjikiza katatu m'ngalandemo silingatulukire pamwamba pa madzi.

Kumirako sikuyenda mofewa. Mapale amakakamirana zaka mazana, mphamvu n'kumaunjikana, mpaka tsiku lina amapulumuka mwadzidzidzi. Chivomezi chachikulu kwambiri chimene chinayezedwapo ndi makina, cha ku Chile mu 1960, champhamvu 9.5, chinabadwira pamalo otere. Ambirife tikukumbukira tsiku la 26 Disembala 2004, pamene pansi pa nyanja pafupi ndi chilumba cha Sumatra panatukuka, mafunde a tsunami n'kupha anthu oposa 200,000 m'maiko ozungulira nyanja ya Indian. Mafundewo anaoloka nyanja yonse mpaka kudzapha anthu ku Somalia ndi ku Tanzania, kwa anansi athu. Ku Japan zinachitikanso pa 11 Malichi 2011.

Koma pali kukumana kwina kumene kukutikhudza ife a kuno mwachindunji. Phale lomira lija likamapitirira kumira, nyanja imene ili pamwamba pake imanka nichepa, ndipo mtunda umene uli kutsidya umakokedwa kuyandikira. Tsiku limafika loti nyanja yatheratu, mtunda wakumana ndi mtunda. Apa palibe wogonja, chifukwa onse awiri ndi opepuka, sangamire. Zimakhala ngati nkhunzi ziwiri zolingana mphamvu zagundana mitu m'khola lothina. Miyala imakwinyika, imapindika, imasweka n'kukwerana, chikhungwa chimachindikala kuwirikiza, ndipo mapiri amakwera. India anagunda Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, ndipo zotsatira zake ndi mapiri a Himalaya. Nsonga ya Everest, yotalika mamita 8,849, ndi mwala wa laimu umene unapangika pansi pa nyanja yamchere, ndipo muli zotsalira za tizilombo ta m'nyanja. Africa nayenso akukankha Ulaya pang'onopang'ono. Chivomezi chimene chinapha anthu pafupifupi 3,000 m'mapiri a Atlas ku Morocco mu Seputembala 2023 chinachokera m'kukankhana kumeneku.

Owerenga wina afunsa kuti, nanga Himalaya ali kuti pa Chembe? Yankho ndi loti analipo, koma anatha.

Pakati pa zaka 650 miliyoni ndi 500 miliyoni zapitazo, zigawo za mtunda zimene lero ndi India, Madagascar, Antarctica ndi Australia zinayandikira zigawo zimene lero ndi Africa ndi South America. Pakati pawo panali nyanja yaikulu imene akatswiri anaipatsa dzina loti nyanja ya Mozambique. Nyanjayo inamezedwa monga ndafotokozera, maiko anagundana, ndipo panabadwa dziko limodzi lalikulu lotchedwa Gondwana. Msoko wa kugundanako unayambira ku Arabia, kutsika kudzera ku Ethiopia, Kenya, Tanzania, Malawi ndi Mozambique, mpaka ku Antarctica. Chapanthawi yomweyo, chigawo chakale cholimba cha Congo chinakumananso ndi cha Kalahari, msoko wake n'kudutsa chopingasa cha kuchigwa cha Zambezi. Dera limene lero ndi kummwera kwa Malawi linali pafupi ndi mphambano ya misoko iwiriyi. Linapanikizidwa uku ndi uku. Akatswiri ambiri amaganiza kuti mapiri amene anakwera pamenepo anali a msinkhu wa Himalaya.

Palibe diso limene linawaona mapiriwo. Nthawi imeneyo pamtunda panalibe mtengo, udzu kapena nyama. Zamoyo zinali m'madzi. Mvula inkagwa pamwala wosavala, mitsinje n'kumakokolola mchenga kupita nawo kunyanja. Patapita zaka mamiliyoni mazana, mapiri onse anaphwanyika n'kutha, ndipo miyala imene inali makilomita ambiri pansi pawo inatulukira poyera. Imeneyo ndiyo tikupondayi. Munthu woyenda pa msewu wochoka ku Monkey Bay kulowa ku Chembe, wokwera ndi kutsika pakati pa mapiri a Nankumba, akuyenda m'mizu ya mapiri amene kulibe.

Umboni wake si wovuta kuuona, bola munthu awerame. M'madera ambiri a kummwera ndi pakati pa dziko lino muli mwala wamizeremizere, yoyera ndi yakuda, umene akatswiri amautcha gneiss. Mukauyang'anitsitsa mupeza kuti mizereyo sinawongoke: yapindika, yakhotakhota ngati chitenje chofinyidwa pochapa. Mwala wozizira sungapindike, umangosweka. Kuti upindike chonchi unayenera kukhala pamalo otentha kwambiri ndi opanikizika kwambiri, ndipo malo otere amapezeka pansi pa mapiri aakulu pamene mapale akugundana. Miyala ikuluikulu yobulungira ya pa Otter Point, ya pa zilumba za Thumbi ndi Domwe ndi ya m'mapiri ozungulira mudzi, yambiri ndi granite. Mwala umenewu unali chiphalaphala chimene sichinatulukire kunja. Chinazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, n'chifukwa chake timibulu take ndi tatikulu toti munthu angatione ndi maso. Akatswiri amauwerengera m'gulu la miyala imene inalowerera chakumapeto kwa kugundana kuja, mapiri atayamba kutopa ndi kulemera kwawo.

Pamsewu womwewo pali Mwala wa Mphini, umene boma linauika m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa. Nkhope yake yonse ili ndi timizere tolowa mkati todutsanadutsana, ngati mphini zimene agogo athu ankatema pamasaya ndi pamimba. Amene anaupatsa dzinalo anali ndi diso. Akatswiri a miyala amati palibe dzanja la munthu limene linatema pamenepo, ndi ntchito ya chilengedwe. Ine sindiona chifukwa chokanganirana. Dzina lakelo lanena kale zoona: mphini ndi chizindikiro chosonyeza kumene munthu anachokera ndi zimene anapyolamo. Ndimakumbukiranso nkhani ya Achewa ya pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, yoti anthu oyamba ndi nyama anasiya mapazi awo pathanthwe pamene thanthwelo linali likadali lofewa. Sindikunena kuti makolo ankaphunzitsa sayansi ya miyala. Ndikungoti ganizo loti thanthwe linakhalapo lofewa silinabwere ndi sitima. Mwana wa kuno akalimva m'kalasi sayenera kuliona ngati lachilendo.

Chimene chinabwera mochedwa ndi kumvetsa chifukwa chake. Mjeremani wina, Alfred Wegener, ananena mu 1912 kuti maiko anali pamodzi kenaka anapatukana, ndipo akatswiri anzake ambiri anamuseka chifukwa sanathe kufotokoza chimene chimakankha maikowo. Anafera m'chipale ku Greenland mu 1930 mlandu wake usanagamulidwe. Chosangalatsa n'choti mwa anthu ochepa amene anamuikira kumbuyo, awiri anali odziwa miyala ya chigawo chino cha Africa. Woyamba ndi Alexander du Toit wa ku South Africa, amene anayerekeza miyala ya kwawo ndi ya ku South America, n'kulemba buku lotchedwa Our Wandering Continents mu 1937. Wachiwiri ndi Arthur Holmes wa ku England. Holmes ali mnyamata, mu 1911, anabwera kumpoto kwa Mozambique kudzafufuza miyala ya mtengo wapatali. Chuma sanachipeze, anapeza malungo amene anatsala pang'ono kumupha, nthenda yomwe ija inathamangitsa amishoni pa Chembe. Koma miyala ya ku Mozambique inamukhala m'mutu. Ndiye amene pambuyo pake anapereka ganizo loti kutentha kwa m'kati mwa dziko kumavundula miyala yofewa ija n'kusuntha maiko, ndipo mu 1951 ndiye anapatsa dzina loti Mozambique Belt lamba wa miyala yopindika umene ife tikukhalapo. Umboni wotsiriza unachokera pansi pa nyanja zamchere m'zaka za m'ma 1960, ndipo pofika 1968 nkhani ya mapale inali itavomerezedwa. Tinganene kuti chiphunzitso chimenechi ndi chamsinkhu umodzi ndi ufulu wa dziko lathu.

Kuno kwathu ntchito yofufuza miyala inali m'manja mwa nthambi ya boma imene likulu lake lili ku Zomba. Frank Dixey, amene anaitsogolera kuyambira m'ma 1920, amakumbukiridwa chifukwa cha mafupa a zinyama zakale za ku Karonga, ndipo chimodzi mwa izo chinatchedwa Malawisaurus dixeyi. Mapu ndi malipoti a nthambiyi analembedwa m'Chingerezi cha akatswiri okhaokha, ndipo ndi ochepa mwa ife amene tinawatsegulapo. Apa ndi pamene ndimadandaula. Tili ndi ndakatulo zambiri zotamanda nyanja, koma nkhani yofotokoza m'chinenero chathu mmene nyanjayo inakhalira pamenepo ndi yosowa ngati mazira a nkhanga m'chilimwe.

Tsono nyanjayo inabwera bwanji, popeza kugundana kumabala mapiri osati zigwa? Nyanja ya Malawi ndi mwana wa chinthu chosiyana kotheratu. Gondwana anakhala zaka mamiliyoni ambiri kenaka anayamba kung'ambika. South America anapita kwake, India kwake. Miyala ya Mulanje ndi Zomba, ya zaka zopitirira 100 miliyoni, inalowerera m'nyengo ya kung'ambikako. Ndipo m'zaka mamiliyoni ochepa apitawa Africa weniweniyo wayamba kung'ambika chakum'mawa. Tsidya la kumadzulo kwa nyanja yathu lili pa phale lalikulu la Nubia, tsidya la kum'mawa lili pa kaphale kotchedwa Rovuma, ndipo awiriwa akutalikirana. Pakati pawo nthaka inatitimira, madzi n'kudzaza, kuya kwake kufika mamita pafupifupi 700 chakumpoto. Liwiro la kutalikiranako silipitirira mamilimita 3 pa chaka. Chikocherezereni Ilala, nyanjayi sinatambasuke ndi theka la mita lomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu kugundana kwakale ndi kung'ambika kwa lero ndi nkhani imodzi. Chovala chikamang'ambika chimatsata msoko. Zigawo zakale zolimba, monga cha pakati pa Tanzania, mng'alu umazilambalala, n'kumatsata malamba a miyala yopindika amene anatsala pamene maiko anasokedwa. Madzi saiwala khwawa. Nyanja yathu ili pamene ilipo chifukwa, mwa zina, pamenepo ndi pamene dziko linavulalapo kale.

Ngakhale nsomba zimene zinatchukitsa Chembe zili ndi ngongole kwa mapiri otha aja. Granite akakhala poyera amasweka motsata ming'alu yake, makona n'kumadyeka, mpaka kusanduka mabwe obulungira ounjikana. Mabwe amenewa atamira m'madzi anasanduka midzi ya mbuna, tinsomba tamawangamawanga todya ndere za pamwala. Mbuna sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho gulu lililonse limakhala pa mulu wake wa miyala, ndipo pakapita nthawi limasiyana ndi anzake mtundu ndi maonekedwe. Umu ndi mmene nyanja imodzi inadzalira ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Chifukwa cha nsombazi boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mnyamata wa pa Chembe amene amapalasa bwato kuperekeza alendo ku Thumbi kukaona nsomba akudya za mapiri amene anakwera kusanabadwe mtengo woyamba.

Palinso chuma china chimene kugundanako kunaphika. Kutentha ndi kupanikizika kumasintha miyala wamba kukhala ya mtengo wapatali. Miyala yofiira ya ruby ya pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, ya ku Montepuez ku Mozambique imene inadziwika mu 2009, ndi tanzanite wa ku Tanzania, yonseyi ikupezeka m'miyala yosandulika ya chigawo chino. Graphite wa ku Balama ku Mozambique ndi wa m'chigwa cha Lilongwe, amene makampani akunja akumulondalonda chifukwa cha mabatire a galimoto zamagetsi, anali matope okhala ndi zotsalira za tizamoyo takale, ndipo anaphikidwa pansi pa mapiri. Holmes anabwerera chimanjamanja mu 1911, koma amene akubwera masiku ano amadziwa bwino chimene akufuna ndi pamene chili. Amene sadziwa kawirikawiri ndi mwini munda. Pokambirana za mgodi, mbali imodzi imabwera ndi mapu a zaka 500 miliyoni, mbali inayo imabwera ndi chidindo cha amfumu. Mgwirizano wotere sungakhale wachilungamo.

Zivomezi zathu sizichokera ku kugundana ngati za ku Chile ndi Japan, zimachokera ku kung'ambika, ndipo kawirikawiri zimakhala zocheperapo. Koma kuchepa kwa chivomezi sikutonthoza munthu amene khoma lamugwera. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi champhamvu yopitirira 6 chinagwedeza Salima, kutsidya kwa madzi kuchokera pa Chembe. Anthu 9 anamwalira ndipo zikwizikwi anasowa pokhala. Mu Disembala 2009 Karonga anagwedezeka kangapo m'masabata awiri, anthu 4 anamwalira, nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kung'aluka. Munthu akaima pagombe la Chembe madzulo kuyang'ana kumene dzuwa likulowera, mapiri amene amaoneka kutsidyako ndi a Dedza, ndipo patsinde pawo padutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 100. James Jackson ndi Tom Blenkinsop, amene anaufufuza n'kulemba za iwo mu 1997, anapeza chiphompho chotalika mamita angapo chotsata mng'aluwo, ndipo anaganiza kuti n'kutheka chinapangika ndi chivomezi chimodzi chachikulu kwambiri, choposa chilichonse chimene chalembedwa m'mbiri ya dziko lino. Ofufuza ena a pambuyo pake amati mwina mng'aluwo umasweka m'zigawozigawo osati wonse nthawi imodzi. Onse amagwirizana kuti ndi wamoyo.

M'masiku a Laws nyumba za pa Chembe zinali za mitengo, bango ndi dothi lomata, zofolera ndi udzu. Nyumba zotere zikagwedezeka zimawerama n'kubwerera, ndipo zikagwa sizilemera. Lero mudzi wakula ndipo wathithikana pakati pa phiri ndi madzi. Nyumba zambiri ndi za njerwa zomangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, makoma opyapyala, zopanda lamba wa konkire pamwamba pa mazenera womanga makoma anayi pamodzi. Nyumba za mtundu umenewu ndi zomwe zinagwa kwambiri ku Karonga.